Zaka Zitatu Zimene Anafufuta

1. Chitini cha kuseri kwa chitseko

M'nyumba mwanga munali chitini chimodzi chimene mwana aliyense ankadziwa kuti sachikhudza. Chinkakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, chovundikira ndi mbale yobooka, pamwamba pake mwala. M'kati munali mbewu ya mapira, yosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe.

Mapira amenewo si okoma, sindinama. Ana amadya akukwinya nkhope, ndipo pamsika sayenda malonda. Koma mvula ikadula, mapira amapinda masamba n'kudikira, pamene chimanga chimangofa.

Ndili ndi munda umodzi, kuseri kwa njanji, ndi ana atatu. Bambo awo anapita kalekale kukafuna ntchito, ndipo mpaka lero akuifunabe. Chimene chalowa m'munda umenewo ndicho timadya chaka chonse. Tomato amene ndimagulitsa pabenchi langa la pamsika ndi wa mchere ndi sopo basi.

Mwana wanga woyamba timamutcha Pulofesa. Ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wa ku sekondale. Dzinalo ndinamupatsa ndine, ndipo sindinamupatse pomuyamikira. Ukamutuma madzi, amabwera ndi madzi ndi mafunso atatu.

Inu amene mukuwerenga muli pa sukulu, mvetserani bwino. Nkhani iyi ndi ya chitini chimenecho, ndi mmene chinatulukira m'nyumba mwanga.

2. Dzuwa pa pepala

Tsiku lina masana, nthawi yokonza minda, ndinabwera kunyumba kudzasankha tomato wofewa. Ndinapeza Pulofesa atagwada pabwalo. Anali atamangirira magalasi oonera kutali kumsana kwa mpando, pansi atayala pepala loyera. Pa pepalapo panali kuwala kozungulira ngati mbale.

"Iwe, mbale zija watsuka?"

"Amayi, tabwerani muone dzuwa."

"Dzuwa ndakhala nalo pamutu kuyambira m'mawa. Likundidziwa, ndikulidziwa."

"Ayi, onani pa pepalapa. Koma musasuzumire m'magalasimo, mungachite khungu nthawi yomweyo. Aphunzitsi asayansi andibwereka, ndipo anena kuti dzuwa sitiliyang'ana, timaligwetsera pa pepala."

Ndinawerama. M'kati mwa kuwala kuja munali timadontho takuda, ngati ntchentche zanyerapo.

"Pepala lako ndi lakuda," ndinatero.

Anasuntha pepalalo, koma timadontho sitinasunthe nalo.

"Ndi mawanga a pa dzuwa, amayi. Dzuwa lili ndi mphamvu ya maginito, ngati kachitsulo kokoka misomali kaja, koma yaikulu zedi. Mphamvu imeneyo imakwera n'kutsika. Ikakwera, mawanga amachuluka. Ikatsika, amatha. Kuchokera pamene achuluka kufika pamene adzachulukenso pamapita zaka pafupifupi khumi ndi chimodzi. Ndiye pamenepo maginito aja amatembenuka, kumutu kumakhala kumiyendo. Anthu ena ophunzira akuganiza kuti mwina zimenezi zimakhudza mvula, chifukwa..."

"Fupikitsa."

"Chifukwa kutentha kwa..."

"Ndati fupikitsa! Mawanga akowo ndiika m'poto?"

Ine ndikayamba sindidziwa poima, ndiye ndinapitiriza.

"Mnzako wa kuseri uja analeka sukulu, pano akusoka madiresi ndipo amake akudya za mwana wawo. Iwe zaka zonsezi ukungotha makope. Undionetse chinthu chimodzi chokha chimene sukulu yako yabweretsa m'nyumba muno. Chimodzi! Apo ayi chaka chamawa uli pabenchi ndi ine, uziwerenga mawanga a pa tomato."

Ang'ono ake anaseka. Iye anamasula magalasi aja, n'kupinda pepala lake.

3. Labala

Ndili ndi mlongo wanga wamkulu amene anthu amawatcha a Botolo. Anagwira ntchito yoyeza mvula pa ofesi ya zaulimi kwa zaka makumi anayi ndi zinayi. M'mawa uliwonse ankatulutsa botolo m'chitsulo choyezera, n'kuthira madzi m'kagalasi ka timizere, n'kulemba. Ankalemba kawiri: m'buku la ofesi, ndi m'kope lawo la kunyumba. Atapuma ntchito, maso anachita ng'ala. Makope aja anatsala m'katoni pansi pa bedi.

Pulofesa anayamba kupita kwa amalume akewo tsiku lililonse akaweruka. Aphunzitsi anali atamupatsa pepala la chiwerengero cha mawanga, chaka ndi chaka. Iye ankawerenga mokweza mawanga a chaka chakuti, n'kutsegula kope kuona mvula ya chaka chomwecho.

Sabata yoyamba ankabwera akuimba. Sabata yachiwiri anabwera ali duu.

Loweruka masana ndinamupeza patebulo. Anali ndi pepala lalikulu, lomata mapepala anayi pamodzi. Anajambulapo mzere wofiira wokwera ndi kutsika, ngati mizere ya m'munda ukaiyang'ana cham'mbali. Pansi pake panali timitengo ta pensulo, tina titalitali, tina tifupitifupi.

M'dzanja anali ndi labala. Anafufuta malo amodzi, n'kuuzira. Anafufuta achiwiri. Pa malo achitatu anaima nthawi yaitali, labala ili m'malere. Atamva kuti ndaika dengu pansi, anafufuta msangamsanga, n'kujambulapo kamtengo kena.

"Walakwitsa?" ndinafunsa.

"Ndikukonza, amayi."

Ine sukulu ndinalekeza pamene anzanga amayamba kulemba ndi inki. Mwana akati akukonza, ndimati akukonza.

Atamaliza anandiitana. Anandionetsa kuti mzere wofiira ndi mawanga, timitengo ndi mvula. Paliponse pamene mzere wofiira wakwera, timitengo tinali titalitali.

"Mwaona? Mawanga akachuluka, mvula imachuluka. Ndipo chaka chino mawanga ndi ambiri, munaona nokha pabwalo paja. Mvula ikubwera yambiri, amayi, ndipo ikhalitsa. Tikabzala mapira, munda tautaya. Tibzale chimanga chochedwa kucha chija, chobereka ziwiriziwiri. Tidzadya, china mudzagulitsa."

Ndinayang'ana pepala, ndinayang'ana mwana. Kenako ndinayang'ana kuseri kwa chitseko, kumene kunali chitini cha mapira.

4. Mawu a a Botolo

Mawa lake a Botolo anabwera okha, akufufuza njira ndi ndodo. Anakana madzi, anakana mpando wabwino, anakhala pa khonde.

"Mlongo wanga, ndamva kuti ukufuna kutulutsa mapira m'nyumba."

"Mwamva kwa yani, achimwene? Maso mulibe koma makutu ngati a mleme."

"Khala pansi, ndiyankhule. Ndipo usanene kuti fupikitsa, ine si mwana wako."

Ndinakhala. Pulofesa anaima pakhomo, pepala lake atalikulunga m'manja.

"Mwanayu ndi wanzeru," anayamba a Botolo. "Zimene akunena za dzuwa si nthano. Mawanga alipo, ndipo amabwera n'kupita monga akunenera. Ngakhale pamene ndinali pa ntchito, kunkabwera anthu ophunzira kudzapempha mabuku athu, akufufuza zomwezi. Ena ankati aona kugwirizana, ena ankati sanaone kanthu. Ankakangana mpaka tiyi kuzizira. Ndikumva kuti mpaka pano sanamalize.

"Ine ndakhala ndi mvula zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo chimene ndinaphunzira ndi ichi: mvula ili ngati msonkhano. Nyanja zazikulu za kutali zikatentha kapena kuzizira, zimayankhulapo. Mphepo imayankhulapo. Mapiri amayankhulapo. Mitengo imene tinadula, utsi umene anthu akutulutsa pa dziko lonse, zonse zimayankhulapo. Dzuwa nalo mwina lili ndi mawu ake pa msonkhanopo. Koma si wapampando. Chaka china mawu ake amamveka, chaka china anzake amalisokosera.

"Ndiponso makope anga ndi a botolo limodzi, pa malo amodzi. Mawanga achuluka kanayi kokha pa moyo wanga wonse wa ntchito. Munthu akakupatsa moni kanayi, ungati wamudziwa mtima? Ungamusiyire ana?

"Tinawerenga limodzi ndi mwanayu. Zaka za mawanga ambiri zinakwana khumi ndi ziwiri. Zambiri mwa izo mvula inali yabwino, sindikana. Koma zitatu zinakana. Mawanga anali mbwee, kumwamba kuli gwa. Ndipo chimodzi mwa zitatuzo, mlongo wanga, iwe ukuchidziwa kuposa ine. Ndi chaka chija cha..."

"Achimwene!" Ndinaimirira. "Chaka chimenecho sitichitchula pakhomo pano."

Pali chaka chimodzi chimene ine sindilola munthu kuchitchula. Kunali chilala, mkaka unauma m'mawere mwanga, ndipo tinaika khanda la miyezi isanu. Aliyense amadziwa kuti akangoyamba nkhani imeneyo, ine ndimatseka makutu. Tsiku limenelo ndinatsekanso, ndipo sindinamve chimene amafuna kundiuza.

A Botolo anapukusa mutu.

"Chabwino. Koma imva ichi chokha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ngati mtima wako uli pa chimanga, gawa munda: theka mapira, theka chimanga. Munthu wa munda umodzi sachita juga ndi kumwamba."

Ndinatembenukira kwa Pulofesa.

"Iwe, wamva. Amalume ako akuti zitatu zinakana. Ndiuze zoona, ndilibe nthawi. Pa pepala lakolo zaka zonse zikugwirizana, kapena ayi?"

Anayang'ana amalume ake, amene sakanatha kuona pepala. Anayang'ana ine, amene sindikanatha kuliwerenga. Kenako anayang'ana dengu la tomato limene linali pakhonde.

"Zonse zikugwirizana, amayi. Ndinabwerezanso ndekha. Amalume anasokoneza makope."

"Mwana iwe," anatero a Botolo pang'onopang'ono, "makope anga ndimawadziwa ngati zala zangazi."

"Onani nokha, amayi." Anatambasula pepala lija. Paliponse pamene mzere wofiira wakwera, timitengo tonse tinali titalitali.

A Botolo anatola ndodo yawo.

"Maso ndilibe, n'zoona. Koma mvula siwerenga mapepala. Tsalani."

5. Kwa a Sikelo

Mayi wogulitsa mbewu pamsika wathu timawatcha a Sikelo, chifukwa chala chawo sichichoka pa sikelo. Shopu yawo ndi kachipinda ka malata, kodzaza matumba mpaka kudenga, konunkha mankhwala a mbewu. Ine ndi iwo takhala tikukokana zaka zambiri, ndipo sanandipambanepo.

Ndinasenza chitini, Pulofesa akunditsatira.

"Amake Pulofesa! Lero mwabwera ndi maliro a ndani pamutupo?"

"A umphawi wanga. Ndabwera kudzasinthitsa. Mapira awa, mundipatse chimanga chochedwa kucha."

A Sikelo anapisa dzanja m'chitini, n'kuuzira phulusa.

"Mapira? Chakudya cha mbalame ichi? Ndikupatsani theka la chitini, chifukwa ndinu anzanga."

"Anzanu ndi makoswe amene akudya matumba anuwo. Lumani mbewuyo mumve. Yosankha mutu ndi mutu, palibe yoboola ngakhale imodzi. Chitini ku chitini."

"Chimanga changa ndi cha m'mapaketi, mayi. Onani utoto wake."

"Utoto sumera. Iwe Pulofesa, nditwike, tipite kwa bambo wa kumapeto uja."

Sindinafike ndi pakhomo pomwe.

"Iii, bwererani! Mtima wanu uli pafupi ngati wa mavu. Chitini ku chitini, koma chosasefukira."

"Chosefukira. Ndipo chala chanu chikhale m'thumba."

Anandipatsa chosefukira. Ndinaona kuti avomera msanga kuposa masiku onse, koma ndinati ndi ukatswiri wanga. Pamene ankakhuthulira mapira anga m'thumba lawo, anafunsa:

"Onsewa? Simusiyako ngakhale a m'mbale?"

Pulofesa anandigwira chitenje.

"Amayi, mwina tisiyeko pang'ono. Monga ananenera amalume."

"Bwanji? Si iwe unati zonse zikugwirizana?"

"Eya, koma..."

"Koma chiyani? Zikugwirizana kapena ayi?"

A Sikelo anaimika thumba, akutiyang'ana. Makasitomala awiri anatembenuka.

"Zikugwirizana," anatero Pulofesa.

"Ndiye khuthulani onse, a Sikelo. Mwana wangayu amawerenga dzuwa ngati nyuzi. Chaka chino mudzabwera kudzagula chimanga kwa ine."

Panjira ndinamugulira kope latsopano la chikuto cholimba. Sindinamugulirepo kanthu asanapemphe. Analandira ndi manja awiri, osandiyang'ana kumaso.

6. Kumwamba kuli gwa

Mvula yoyamba inabwera yamphamvu. Tinabzala munda wonse masiku awiri, ine kutsogolo ndi khasu, ana kumbuyo akuponya mbewu. Chimanga chinamera bwino, phando lililonse. Ndinkaimitsa anthu panjira ya njanji kuti aone.

"Sukulu imeneyo!" ndinkatero. "Osati zanu zonunkhiza mphepo."

Inagwanso kawiri. Chimanga chinafika m'mawondo. Kenako inaleka.

Sabata yoyamba tinati ikupuma. Sabata yachiwiri masamba anayamba kupindika masana, n'kutambasuka m'mawa. Sabata yachitatu analeka kutambasuka. Mitambo inkasonkhana cha kum'mawa, yakuda bii, anthu n'kuanula zovala. Ikafika pamwamba pathu inkabalalika ngati anthu a pamsika akaona apolisi.

Pulofesa analeka kudya bwino. Ankadzuka m'mamawa, n'kutunga madzi pampope, n'kupita nawo kumunda asanapite ku sukulu. Ndowa ziwiri pa munda wonse. Ankathirira ndi kapu, phando ndi phando, mzere umodzi wokha wa m'mphepete. Nthaka inkamwa madziwo n'kukhala ngati sinaone kanthu.

"Usadzivute," ndinamuuza. "Pepala lako linati ikubwera. Ibwera."

Anatola ndowa zake, n'kubwerera kumpope.

Sabata yachisanu ndinalowa pakati pa munda, n'kugwira tsamba limodzi. Linathetheka m'manja mwanga ngati pepala lopsa. Kutsidya kwa njanji kunali munda wa mayi wina amene ndinamuseka pobzala. Mapira ake anali otuwa, opinda masamba, onyansa. Koma anali moyo.

7. Chala pa pepala

Masana a tsiku limenelo ndinapeza a Botolo atakhala pakhonde panga. Sananene kuti ndinakuuza. Zikanakhala bwino akanatero, ndikanapeza wokangana naye.

"Mphepo iyi ndikuidziwa," anatero. "Ndi yomwe ija ya zaka khumi ndi chimodzi zapitazo."

Ndinaima ndi khasu paphewa. Zaka khumi ndi chimodzi. Mawu amenewo ndinali nditawamvapo pabwalo pomwepa, tsiku la magalasi, pamene ndinkati fupikitsa.

Kuwerenga mawu sinditha, koma kuwerenga zinthu palibe angandinamize. Ndinalowa m'nyumba.

"Pulofesa, bweretsa pepala lija."

Analiyala patebulo.

"Chaka chino chili pati?"

Analoza kumapeto. Ndinaika chala pamenepo, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, kamtengo ndi kamtengo. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Pa khumi ndi chimodzi ndinaima. Pamwamba pake mzere wofiira unali utakwera. Pansi pa chala changa panali kamtengo katalitali, ka mvula yambiri. Koma pepala pamenepo linali lokhakhala, lopyapyala, lotuwa ndi labala.

"Ichi ndi chaka chiti?"

Anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa iwe. Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Unanyamula kabulangete ka khanda lija pochokera kuchipatala. Ichi ndi chaka chiti?"

"Ndi chomwecho, amayi."

"Ndiye pepala lako likuti chaka chimenecho kunagwa mvula yambiri? Likuti ine ndinaika mwana kunja kukugwa mvula?"

Anagwada pansi.

"Zinali zitatu zokha, amayi. Zisanu ndi zinayi zinagwirizana. Ndinati zitatu n'zochepa, mwina amalume analemba molakwika. Ndinati ndikakuonetsani zoona, mudzati sukulu ndi bodza, mudzandiika pabenchi. Ndinkafuna kubweretsa chinthu chimodzi chija munanena."

Dzanja langa linakwera. Silinatsike. Sindikudziwa kuti ndikanamenya ndani.

A Botolo anayankhula ali pakhonde pomwepo, osatembenuka.

"Mwana iwe, tamvera, pakuti ine sindikhalitsa. Zaka makumi anayi ndi zinayi ndinkalemba zimene zili m'botolo. Masiku ena bwana ankafuna mvula yambiri pa lipoti, botolo lili louma. Ndinkalemba kuti louma. Ntchito yonse ya woyeza ndi imeneyo basi. Zaka zisanu ndi zinayi zija zimakuuza kuti mwina dzuwa lili ndi mawu. Zitatu zija zimakuuza kuti usaike chakudya cha ana pa mawu amenewo. Zogwirizana zimakondweretsa mtima, koma zokana ndi zimene zimapulumutsa munthu. Iwe unafufuta zokupulumutsa.

"Ndipo iwe, mlongo wanga, mwana ukamuuza kuti abweretse nyama kapena asabwerenso, amakubweretsera ngakhale yowola."

Pa moyo wanga wonse sindinalolepo munthu kukhala ndi mawu omaliza. Tsiku limenelo ndinalola.

Pulofesa anatenga kope la chikuto cholimba lija. Linali lisanalembedwe kanthu. Anakhala pansi pafupi ndi amalume ake, n'kuyamba kulemba zaka zonse kuyambira pachiyambi, ndi inki. Atafika pa zitatu zija analemba monga zinalili.

Zinali zoona tsopano. Koma zoona zobwera mochedwa sizimera.

8. Mtengo wa a Sikelo

A Botolo anati mapira akhoza kupirira ngati titabzala mvula ikangobwerera, bola ibwerere pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri. Kupitirira apo, ngakhale mapira sangache.

M'mawa mwake ndinasenza chitini chopanda kanthu. Pulofesa ananditsatira, ngakhale ndinamuuza kuti apite ku sukulu.

Pa shopu ya a Sikelo panali mzere wa anthu mpaka kumsewu. Onse ankafuna chinthu chimodzi. Nditafika kutsogolo, a Sikelo anamwetulira.

"Amake Pulofesa! Mwabweretsa chimanga chija munati ndidzagula?"

"Ndabwera kudzatenga mapira anga."

"Anu? Ine ndikudziwa mapira anga, amene ndinasinthitsa chitini ku chitini, chosefukira, chala chili m'thumba."

"Ndikupatsani benchi langa la pamsika."

"Benchi ndiika m'phando?"

"Mbuzi ya achimwene."

"Mbuzi chaka cha chilala? Idya chiyani, malata?"

Ndinatchula wailesi, ndinatchula bedi. Anthu a pamzere anayamba kung'ung'udza. A Sikelo analoza thumba limodzi pakona, lofika theka.

"Atsala ndi amenewo, ndipo mawa masana sadzakhalapo. Koma pali chinthu chimodzi chimene mulinacho ine ndilibe." Analoza ndi mlomo kumbuyo kwanga. "Mlongo wanga watsegula shopu ina ku tauni ya kumalire. Akufuna mtsikana wodziwa kulemba ndi kuyeza, wogona komweko. Mpaka chaka chamawa nthawi ngati ino. Mundipatse Pulofesa, ndikupatsani chitini chodzaza. Lole inyamuka mawa m'mawa."

"Mwanayu ali ndi mayeso chaka chino."

"Ndipo ang'ono ake ali ndi mimba chaka chino. Sankhani, mayi. Wotsatira!"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsitse mtengo, monga ndachitira moyo wanga wonse. Koma mwana sungamugawe theka. Ndinatuluka ndi chitini changa chopanda kanthu.

Panjira ndinamuuza chinthu chimodzi chokha.

"Mawa upita ku sukulu. Wamva?"

"Nanga tibzala chiyani, amayi?"

"Ndati wamva?"

"Ndamva."

Kutacha ndinadzutsidwa ndi fungo limene ndinali nditaliiwala, fungo la fumbi lonyowa. Pa malata pankagwa timadontho, tochepa, koma mphepo inali itatembenuka.

Ndinaitana Pulofesa kuti aike ndowa pansi pa denga. Sanayankhe.

Pa mpando panali yunifolomu yake, yopinda bwinobwino. Pamwamba pake panali kope la chikuto cholimba, ndi labala.

Ndinasuzumira kuseri kwa chitseko. Mbale yobooka inali pansi, mwala uli pambali pake. Chitini panalibe.

Ndinathamanga osavala nsapato. Ndili pa njanji, ndinamva lole ikuliza hutala kumsika.